Kuthamangitsa anthu m'zinyumba za ku Joni sikuwapatsa pogona

A Mkonzi,

Ndine telala, ndimakhala ku Johannesburg. Ndiloleni ndiyankhulepo za anthu osowa pokhala mumzinda uno, chifukwa makolo kumudzi amangonyadira kuti mwana ali ku Joni, osadziwa komwe mwanayo amagoneka mutu.

Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba yansanjika ya Usindiso, pa 80 Albert Street ku Marshalltown. Anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu. Ena anachita kudumphira pawindo poona kuti potulukira palibe. Mwini nyumbayo ndi khonsolo ya mzinda. M'nthawi ya tsankho munali ofesi yoona za ziphaso zoyendera anthu akuda, kenaka munasanduka mothawira amayi ndi ana ozunzidwa. Oyang'anira atachoka, zigawenga zinailanda n'kuyamba kutolera lendi. M'katimo anthu anagawa zipinda ndi matabwa ndi makatoni, kuphika pa mbaula ya palafini, magetsi olumikiza mwakuba. Zinyumba zotere zilipo zambiri pakati pa tauni, ndipo amene timakhala kuno timazidziwa ndi fungo lomwe.

Komiti yofufuza yomwe ankatsogolera jaji wopuma Sisi Khampepe inanena poyera mu 2024 kuti khonsolo ili ndi gawo lake pa mlanduwu: inkadziwa momwe nyumbayo inalili, koma sinatsatitse malamulo ake omwe. Nanga opulumuka anathera kuti? Ambiri anawaika m'tizisakasa tamalata ku Denver, dera la mafakitale, ndipo ena opanda mapepala anamangidwa n'kupita nawo ku Lindela, kosungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Munthu wataya mkazi, wataya katundu yense, chipepeso chake n'kukhala unyolo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti akuluakulu akati athetse vutoli, maganizo awo amathera pa kutulutsa anthu. Amabwera m'mamawa ndi apolisi ndi atolankhani, kuthyola zitseko, kujambulitsa, basi. Madzulo ake anthu omwewo mukawapeza pansi pa mlatho kapena m'mapaki atafunda mapulasitiki, ndipo chisanu cha kuno mu Juni si chamasewera ayi. Enanso amangolowa m'chinyumba china chowola kuposa choyamba. Chiwerengero cha ogona panja chimakwera ndi ntchito yomweyo imene akuti ikuyeretsa mzinda.

Komatu lamulo lilipo. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti khonsolo ya Johannesburg iyenera kupezera malo ongoyembekezera anthu osauka amene akutulutsidwa m'nyumba, ngakhale nyumbayo ikhale ya munthu wamba. Khonsolo imangoti malo ndi ndalama n'zosakwanira. Chonsecho zina mwa nyumba zomwe zikuwolazo ndi zake.

Anthu a m'zinyumbazi si mbava zonse monga ena amanenera. Ndimawasokera zigamba, ndikuwadziwa: alonda, ogulitsa tomato ndi nthochi m'misewu, otola mabotolo ndi zitsulo, amayi ochapa m'makomo. Lenditu amalipira mwezi ndi mwezi, kungoti ndalamayo imalowa m'thumba la chigawenga. Amakakamira pakati pa tauni chifukwa maganyu ali pomwepo. Kukhala kutali ndiye kuti theka la malipiro lithera thiransipoti. Khonsolo itakonza nyumba zakezo, n'kuikamo madzi, zimbudzi ndi makomo othawira moto, chipinda chimodzichimodzi pa mtengo woti mlonda angakwanitse, anthu omwewa angalipire kwa iyo. Mabungwe ngati MES ku Hillbrow amayesetsa kupereka pogona ndi chakudya, koma bungwe lachifundo silingasenze mzinda wonse.

Kwathunso ndili ndi pempho. Akazembe athu kuno aziyendera Amalawi a m'zinyumbazi kusanagwe maliro, awathandize za mapasipoti, chifukwa wopanda pepala sapeza nyumba yovomerezeka ngakhale ndalama ali nayo. Ndipo inu makolo, mnyamata akati akukwera basi ya ku Joni, mufunseni kuti akafikira kwa yani, nyumba yake ili msewu uti, ndipo muimbire foni munthuyo mumve nokha.

Telala wochokera ku Mangochi,
Johannesburg