Ndinadumpha masamba a maliro, tsopano anansi sakundiyankhula ku Mzuzu

Agogo,

Ndine bambo wa zaka 36, wapabanja, wa ana awiri. Kwathu ndi ku Chiradzulu koma ndakulira ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Miyezi 10 yapitayo kuntchito anandikweza n'kunditumiza ku nthambi yathu ya ku Mzuzu. Mayi akunyumba analulutira, inenso ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata yonse. Paja amati walira mvula walira matope.

Banja silinanditsatire. Akazi anga amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, ndipo benchi yawoyo anaivutikira zaka zambiri kuti makasitomala aidziwe. Mwana wathu woyamba ali mu Sitandade 8, choncho tinagwirizana kuti tisamusokoneze mpaka alembe mayeso. Ndinabwera ndekha ndi matiresi, mbaula, mapoto awiri ndi chikwama cha zovala. Ndinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Chibavi, kuseri kwa nyumba ya eni ake, mayi wachikulire wamasiye amene aliyense pano amangowatchula kuti amama.

Ndisanene bodza, anandilandira bwino. Mvula ya kuno sitha msanga ngati ya kwathu. Imatha kumawaza mpaka mu Epulo kapena Meyi, zovala n'kukhala pachingwe masiku atatu zili chinyowere. Ndikakhala kuntchito, amama ankandianulira malaya n'kuwaika pakhonde pawo. Ndiwo anandionetsa komwe ndingagule makala abwino, ndiwonso anandilawitsa kondowole wa nsomba ya batala wochokera ku Nkhata Bay. Tsiku loyamba ndinalimbana naye kondowoleyo ngati ndikumatula ulimbo, adzukulu awo akufa ndi phwete. Anandiphunzitsa kuyankha kuti "nili makora, kwali imwe" ndi kuthokoza kuti "yewo chomene". Chitumbuka changa chinathera pomwepo, ndipo vuto ndi langa. Kuntchito ndi kumsika wa Taifa anthu akangomva lilime langa amatembenukira ku Chichewa pofuna kundithandiza, ine n'kupezerapo danga lochita ulesi.

Chomwe ndinkakhalira chinali Lachisanu. Kawiri pamwezi ndinkakwera basi ya usiku kudzera ku Chikangawa, Jenda, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu mpaka Zalewa, ulendo wa makilomita oposa 600. Ndinkafika Loweruka m'mawa thupi lili lende, n'kugona theka la tsikulo, Lamulungu masana ndayambanso kulongedza. Ndalama zomwe anandionjezera pa malipiro zimathera m'matikiti ndi lendi ya nyumba ziwiri, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zitakwera. Ku Mzuzu ndinkangogonako. Makatoni ena sindinamasule mpaka lero.

Tsopano nayi nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi.

Miyezi iwiri yapitayo, Lachisanu lina, ndinaweruka mochedwa n'kukwera sakaramento, njinga zakabaza za kuno, kuthamangira kunyumba kukatenga chikwama. Nditafika pa kanjira kolowera kwathu ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Mwana wamwamuna wa mchemwali wawo wa amama, yemwe ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu, anali atamwalira masana omwewo. Mnyamatayo ndinkamudziwa, ankandibwereka pampu ya njinga ndipo tsiku lina anandikonzera loko wa chitseko osalandira kanthu. Azimayi anali atayamba kale kusonkhana, azibambo akukoka mabenchi ndi kusonkha moto panja.

Agogo, tikiti inali m'thumba, ndipo mwana wanga wamng'ono anali akudwala chifuwa ku Blantyre. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chikwama, ndinatseka chitseko, n'kudutsa pakati pa anthuwo nditaweramitsa mutu. Sindinagwade, sindinapereke moni, sindinasiye ngakhale kangachepe m'mbale ya chipepeso. Ndinadziuza kuti ndine mlendo, palibe angandiwerenge, komanso kuti ndikabwera Lolemba ndidzapita kukapepesa. Lolemba linafika, mwambo wonse unali utatha, thupi analitengera kumudzi kwawo ku Rumphi. Manyazi anandigwira, ndinati ndipita mawa. Mawa lakelo lakwana miyezi iwiri.

Palibe amene wanditukwana. Mwina kukanakhala kunditukwana ndikanapeza poyambira. Amama amayankha moni wanga ndi mawu amodzi, maso ali kumbali. Lendi amatuma mdzukulu kudzalandira. Zovala zanga zimavumbwa pachingwe mpaka ndiweruke. Azibambo amene ankandiitana pa bawo pansi pa mtengo wa mapeyala amangopitiriza kusewera ndikamadutsa. Ndikamva akuyankhula Chitumbuka n'kuseka, mtima umandiuza kuti akunena ine, ngakhale ndikudziwa kuti mwina akukamba za mpira. Mwezi watha malungo anandigwetsa masiku atatu. Chitseko changa chinali chotseka usana ndi usiku, mbaula yosayaka, koma palibe anagogoda. Amene anandibweretsera phala ndi mnyamata wa kuntchito, nditachita kumuimbira foni.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti mwambowu ndimaudziwa. Si wa Atumbuka okha ayi, kwathunso maliro n'kulirana. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ife a ku Chilobwe tinafukula anzathu ndi makasu komanso manja. Banja langa linagona masabata awiri pabalaza pa munthu amene tinkangopatsana naye moni wapanjira. Kukanakhala kuti mlendo wina wadumpha masamba pa Chilobwe nthawi imeneyo chikwama chili paphewa, ndikudziwa mawu omwe ndikanamunenera. Ndiye sindingawadandaule anthu a kuno.

Malangizo ndalandira ambiri, koma akungondizunguza mutu. Mnzanga wina wa kuntchito, wochokera ku Mulanje, akuti ndingosamuka, ndikapeze nyumba ku Katoto kapena ku Luwinga komwe kuli mipanda ya njerwa ndipo aliyense amaona zake. Nyumba za kumeneko thumba langa silingakwanitse, komanso ndikuona ngati ndi kuthawa mlandu. Wina, mwana wa konkuno, akuti ndisayerekeze kupita ndekha ndi envelopu m'manja ngati ndikukalipira bilu ya madzi. Akuti ndipeze munthu wamkulu wondiperekeza, mwina mkulu wa mpingo kapena mfumu ya m'dera lathu, ndinyamule shuga ndi kandalama, ndikakhale pansi n'kuvomera kulakwa popanda kutchula za tikiti. Koma mkulu wa mpingo ndimupeza kuti? Ndine wa CCAP, ndipo kalata yanga yosamukira yochokera ku mpingo wathu wa Sinodi ya Blantyre ikadali m'Baibulo momwe ndinaipindira. Ndinapitako kawiri kokha ku tchalitchi cha kuno cha Sinodi ya Livingstonia. Nyimbo zina maimbidwe ake ndi omwe aja ndinakula nawo, koma mawu ndi a Chitumbuka, ndiye ndinkangong'ung'udza kumbuyo n'kutuluka asanalonjere alendo. Kunena zoona, ndinkaopa kuti ndikapereka kalatayo ndiye kuti ndavomera kuti kuno ndi kwathu.

Akazi anga nawo ali ndi maganizo awo. Nditawafotokozera anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Bambo a Chisomo, mwatichititsa manyazi." Koma nditanena kuti mwina ndichepetse maulendo, ndizibwera kamodzi pamwezi kuti Loweruka lina ndizikhala ndi anthu kuno, nkhope inasintha. Anandifunsa ngati ndapeza wondiphikira. Palibe, agogo, ndikulumbira. Koma ndikumvetsa mantha awo, chifukwa tonse tikudziwa mabanja amene anatha chifukwa cha transifa. Mayi anga nawo amaimba foni kuchokera ku Chiradzulu kundikumbutsa kuti ndisakazolowere kwa eni.

Ndiye ndithandizeni. Kodi patatha miyezi iwiri chipepeso chimalandirikabe, kapena ndikangotsegula bala lomwe layamba kupola? Ndiyambire kwa amama, amene ndimakhala pakhomo pawo, kapena kwa mchemwali wawo mwini maliro? Ndikayankhule m'Chichewa, kapena ndiloweze mawu ochepa a Chitumbuka ngakhale ndikawapotoze? Ndimaopa kuti angaone ngati ndikuchita chipongwe pa nkhani ya imfa. Nanga akazi anga ndiwatsimikizire bwanji kuti kukhala kuno Loweruka si kuwataya? Ndaganizapo zowaitana kuti abwere tchuthi chikubwerachi adzaone komwe ndimakhala, mwinanso tikapepese limodzi, koma sindikudziwa ngati kudikira mpaka nthawi imeneyo sikuonjezera mlandu.

Kuntchito andiuza kuti ndisayembekezere kubwerera kummwera zaka zitatu zisanathe. Lachisanu likudzali ndi la malipiro, ana akundidikira, ndipo tikiti sindinagule.

Ine wosowa pogwira,
Bambo wa ku Chibavi, Mzuzu