Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya fumbi la m'shopu ya matabwa

Chilenje, Lusaka

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko, iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Kuno tikudzuka ndithu, kupatula chifuwa changa chija, chimene chimakula nthawi zonse ikafika nyengo ino ya mphepo.

Nditabwera ku shopu yako ku Kalingalinga Lachiwiri lapitali, mtima wanga unakondwa poona zitseko za mlombwa, umene kuno amautcha mukwa, zitandanda pakhoma, zolumikizidwa bwino kuposa mmene ine ndinkachitira pa msinkhu wako. Koma ndinaonanso china chimene sindinafune kukudzudzula nacho pamaso pa anyamata ako, ndipo n'chifukwa chake ndalemba. Pamene unayatsa makina okokera utuchi, thumba lake la nsalu linafufuma n'kutulutsa utsi wa fumbi, ndipo kuwala kwa dzuwa kolowera pabowo la malata kunaonetsa fumbilo likuyandama m'shopu monse. Mnyamata wamng'ono uja wopala ndi sandipepala anali ndi nsidze zofiira ndi fumbi la mlombwa, ndipo atamina, kansalu kake kanafiira chimodzimodzi. Kenako ndinamuona akumenya thumbalo ndi ndodo kuti makina ayambenso kukoka, nkhope yake ili pomwepo.

Ine ndinagwira ntchito ya ukalipentala zaka zoposa 30, ndipo m'masiku athu fumbi tinkaliona ngati chizindikiro chakuti ntchito ikuyenda. Dokotala atandipima chifuwa anandifunsa kawiri ngati ndinasutapo fodya, ndipo nditakana anandifunsa ntchito imene ndinkagwira. Fumbi la matabwa limayambitsa mphumu ndi chimfine chosatha, ndipo mu 1995 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaliika m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno, ndipo mitengo yolimba ngati imene iwe umagula ku msika wa Buseko ndiyo yotchulidwa kwambiri. Pamwamba pa izi, matabwa a MDF amene umapangira makabati a m'khitchini amatulutsa fumbi losalala ngati ufa, losakanikirana ndi guluu amene anawamatira.

Unandiuza kuti ukusonkhanitsa ndalama zogulira pulena yaikulu. Pempho langa ndi lakuti uyambe waika saikuloni, chitsulo cholekanitsa utuchi ndi mpweya, patsogolo pa makina ako okokera utuchi, pulenayo ibwere pambuyo, pakuti pulena yaikulu idzangochulukitsa vuto limene lilipo kale. Mmene zilili panopa, chilichonse chimene paipi yakoka, kaya zopalapala za pulena, tizidutswa ta matabwa, kapena msomali, chimadutsa pa mapiko a fani chisanafike m'thumba. Timabowo ta nsalu timatsekeka msanga, mphamvu yokoka imatsika, ndipo utuchi umayamba kutsalira pa macheka. Ukamenya thumba kuti litseguke, fumbi losalala lija limene linagwidwa limabwerera mumpweya umene mukupuma.

Saikuloni si chinthu chachilendo kwa iwe. Kumbukira chigayo cha kumudzi kwathu ku Katete kumene unkaperekeza agogo ako, ndi chitsulo chija chonga fanulo yaikulu chimene ufa unkatsikiramo kupita m'thumba. Imeneyo ndiyo saikuloni, ndipo ya utuchi imagwira ntchito mofanana. Mpweya wonyamula utuchi sulowera pakati, umalowera cham'mbali pamwamba, motero umakakamizika kuzungulira ngati kamvuluvulu. Pozungulirapo, zolemera zimaponyedwa kukhoma la chitsulocho, zimataya liwiro pokhulana nalo, n'kutsetsereka mozungulira mpaka kukamwa kopapatiza kwa pansi, kumene zimagwera mumgolo. Mpweya ukafika pansi umatembenuka, n'kukwera pakati penipeni pa kamvuluvulu uja, n'kutulukira pa paipi imene inalowetsedwa kuchokera pamwamba. Mulibe chozungulira chilichonse m'kati mwake, mulibe nsalu yoti itsekeke, choncho palibe chimene chimatha msanga. Ngakhale James Dyson, amene makina ake oyeretsera m'nyumba anatchuka ku England, nzeru yakeyo anaitenga ataona saikuloni yaikulu pamalo ochekera matabwa.

Phindu lake udzaliona sabata yoyamba. Pafupifupi zopalapala zonse ndi utuchi wa macheka zidzathera mumgolo, fyuluta yosefa mpweya pambuyo pa saikuloni idzakhala yoyera kwa nthawi yaitali, ndipo makina adzakoka mofanana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Msomali kapena mfundo ya thabwa idzagwera mumgolo isanamenye mapiko a fani, chimene chimateteza fani ndiponso kuchepetsa ngozi ya moto, popeza chitsulo chikamenya chitsulo chimathetheka. Ndisakubisire kuti saikuloni imadyako gawo la mphamvu yokoka, chifukwa kuzungulitsa mpweya ndi ntchito. Komabe kutaya pang'ono kosasintha n'kwabwino kusiyana ndi thumba limene limayamba bwino m'mawa n'kukhala litatsekeka pofika masana.

Tsopano mvetsetsa pano, chifukwa ndi pamene amisiri ambiri amanyengeka. Munthu akaona mgolo ukudzaza amaganiza kuti mpweya wayera, pamene fumbi loopsa kwambiri si limene lili mumgolomo. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 70, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Saikuloni imagwira bwino fumbi loposa ma micron 10, koma locheperapo, limene sandipepala imatulutsa lochuluka, ndi lopepuka moti lina limangotsagana ndi mpweya n'kutuluka pamwamba. Lomwelo ndi limene mphuno imalephera kutchinga, limene limatsika mpaka m'kati mwa mapapo. Choncho pambuyo pa saikuloni payenera kukhala fyuluta yeniyeni, ya mapindamapinda ija, osati thumba lakale la nsalu. Ya mtundu wa HEPA imagwira 99.97 peresenti ya tinthu ta micron 0.3, ndipo pa makina a sandipepala ndiyo ndingakulangize. Ena amangotulutsa paipi kunja kwa khoma, koma kwanu nyumba n'zothithikana, ndipo ndinaona zovala za ana zitayanikidwa kuseri kwa shopu yako. Fumbi limene walikana iwe usalitumize kwa anansi.

Mgolo wa pansi uyenera kutsekeka kotheratu, ndipo apa usachite mphwayi ngakhale pang'ono. Mgolo wachitsulo wa malita 200 wokhala ndi chivundikiro chomangira lamba ndi wabwino, ndipo pakamwa pake uikepo mphira wodula ku chubu chakale cha galimoto. Pakakhala kampata kakang'ono, mpweya wakunja umalowera pansi, n'kunyamula fumbi limene linali litatsika kale, n'kulikweza ku fyuluta, ndipo iwe udzanena kuti saikuloni ndi yachabe pamene vuto ndi chivundikiro. Poyesa, yatsa makina, utenge koyilo ya udzudzu yofuka, uiyendetse pang'onopang'ono m'mbali mwa chivundikiro ndi molumikizira monse. Pamene utsi wakokedwa kulowa m'kati, pamenepo ndi pofunika kumata. Uboolenso kawindo m'mbali mwa mgolo, umatepo pulasitiki yoonekera, chifukwa mgolo ukadzaza mpaka kukamwa, utuchi wonse umapitirira n'kukatseka fyuluta m'mphindi zochepa.

Za mapaipi ndinene mwachidule. Utuchi umafuna mpweya wothamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi kuti usagone m'njira. Paipi ya mamilimita 150 ili ndi mpata woposa kawiri wa ya mamilimita 100, motero imapititsa mpweya wambiri, koma imafunanso fani yamphamvu yoti iusunge pa liwiro limenelo. Paipi yofewa yamakwinya ija ikhale yaifupi, makona akhale okhota pang'onopang'ono, gawo lolowera mu saikuloni likhale lowongoka, ndipo makina alionse akhale ndi kachitseko kake kotsekera pamene sakugwira ntchito.

Ukamagula mota, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, uwerenge kachitsulo kolembedwa pambali pake. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo fani yopangidwira ku America, kumene ndi 60 Hz, imazungulira pang'onopang'ono kuno n'kukoka mochepa kuposa zimene zalembedwa. Uganizirenso za jenereta yako. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba tonse tinaona mmene magetsi anasowera, ndipo mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene yakhazikika. Ngati jenereta singathe kunyamula macheka ndi fani pamodzi, mudzayamba kudula matabwa fani ili yozima, ndipo ndalama zonse zidzakhala zitapita pachabe.

Sikofunika kuitanitsa saikuloni kunja. Amisiri a malata amene amapanga za zigayo angathe kuipinda, malinga uwapatse miyeso yochokera pa pulani yoyesedwa kale, yogwirizana ndi kukula kwa fani yako, osati yongoganizira. Uumirire kuti m'kati mukhale mosalala, mopanda milomo ya malata kapena zotupa za kuwotcherera, chifukwa chilichonse chotumphuka chimasokoneza kuzungulira kwa mpweya. Saikuloni yaitali ndi yowonda imagwira fumbi losalala kuposa yaifupi yonenepa, choncho uyeze kutalika kwa denga lako usanapite.

Mgolo uzikhuthulidwa madzulo alionse, ndipo paipi yokokera utuchi isayandikire pamene mumanolera zitsulo pa giraindala, popeza kambaliwali kamodzi kangathe kunyeka mwakachetechete mu utuchi usiku wonse. Zopalapala za paini woyera ungagulitse kwa oweta nkhuku, koma za MDF ndi za matabwa othiridwa mankhwala usawapatse, ndipo zisapitenso kumunda.

Anyamata aja makolo awo anakupatsa ali ndi mapapo abwino. Lamulo la dziko lino la Occupational Health and Safety Act limaika udindo wa thanzi lawo pa iwe wowalemba ntchito, ndipo ngakhale likanapanda kutero, ndikudziwa kuti sungafune kuti mmodzi wa iwo adzakhosomole usiku ngati ine. Uwagulire zotchinga kumphuno zolembedwa FFP2 kapena N95, azivala popala ndi pokhuthula mgolo, ndipo aleke kupemerera zovala kapena makina ndi kompresa kapena kusesa pouma.

Amayi ako ndi ine tagwirizana kuti tithandizepo pa mtengo wa fyuluta kuchokera pa ndalama za lendi ya mwezi uno. Loweruka m'mawa ndidzabwera ndi tepi yanga kuti tiyeze denga ndi pamene mgolo udzakhale, ndipo ndidzatenganso tochi, kuti titatseka zitseko uone wekha zimene zimayandama m'shopu mwako makina atazima. Undilembere nambala zonse za pa kachitsulo ka mota ndisanafike.

Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi ana.

Ndine,
Atate ako