Chithunzi cha MRI nachonso chimatha kunama

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za sikani ya MRI, poti masiku ano msana ukangovuta kapena mutu ukakana kusiya kupweteka timamva zoti "mukapange MRI", ndipo ambirife timangoti chomwe makina atulutsa ndi chomwecho basi, makina sanama. Koma chithunzi chija chimatha kuonetsa chinthu choti m'thupi mulibe, kapena kubisa chomwe chilimo, achipatala amati ma artifact.

MRI si X-ray yoti thwani kamodzi zatheka. Imagwira ntchito ndi maginito amphamvu kwambiri komanso mafunde a wailesi, imatola masigino kuchokera ku madzi ndi mafuta a m'thupi kenako kompyuta n'kumalumikiza chithunzi pang'onopang'ono, gawo limodzi maminitsi angapo, yonse mwina theka la ola kapena kuposa. Ndiye munthu ukangosuntha mutu, kutsokomola, ngakhale kumeza malovu pomwe akujambula khosi, chithunzi chimatuluka chobwerezabwereza komanso chosaoneka bwino, kachotupa kakang'ono kakhoza kubisala momwemo dokotala osakaona.

Chitsulo ndiye nkhani ina. Chimasokoneza maginito aja, pamalopo pamangoda bii ndipo zapafupi zimapindika. Mapini a m'tsitsi, ndolo, waya wa mu bra, mawaya a m'mano, zitsulo zomwe anaika pa opaleshoni, mpaka mascara ena amakhala ndi ayironi ndipo amaononga chithunzi cha maso. Nanga chithumwa cha m'chiuno chija, mukudziwa zomwe anasokereramo? Munthu amachita manyazi kunena, makamaka akafunsidwa pagulu, eti. Chonsecho apa si za chithunzi chokha ayi, maginito ambiri amakhala oyaka usana ndi usiku ndipo amakoka chitsulo mwamphamvu zoti munthu avulale.

Zina si vuto la wodwala ndi pang'ono pomwe, ndipo izi ndi zomwe zimandiopsa ine. Pali artifact ina yotchedwa Gibbs, imajambula kamzere pakati pa mtsempha waukulu wa msana n'kumaoneka ngati muli kathumba ka madzi pomwe mulibe kanthu. Pali ya magic angle, mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa wa paphewa kapena pabondo ukapendekeka pafupifupi madigiri 55 ndi komwe maginito alozera umawala ngati waonongeka chonsecho uli bwinobwino. Madzi ozungulira ubongo ndi msana nawonso amayenda, ndipo kuyenda kwakeko kumasiya timadontho tooneka ngati mitsempha yamagazi yolakwika. Katswiri wowerenga zithunzi, radiologist, amazidziwa izi, amayerekeza ndi magawo ena a sikani yomweyo n'kuona kuti chinthucho chasowa. Koma akatswiriwa kwathu kuno ndi ochepa kwambiri, ndiye chithunzi chikagwa m'manja mwa munthu wosazolowera, banja limayamba kulira ndi kusonkhetsana ndalama za opaleshoni pa matenda oti kulibe, kapena wodwala weniweni amauzidwa kuti palibe vuto, kapumeni kunyumba.

Musandimve molakwa, sindikunyoza makinawa. Ku Queens ku Blantyre anaika MRI mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo wa Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University, ndipo ndi makina omwewo omwe mu 2015 anathandiza kuonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a muubongo amakhala ubongo watupa kwambiri. Anali a 0.35 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito), ofooka poyerekeza ndi a 1.5 kapena 3 tesla. Ofookawo chitsulo sichiwasokoneza kwambiri koma amachedwa, ndiye wodwala amayenera kugona phee nthawi yaitali.

Pempho langa kwa achipatala ndi laling'ono. Fomu ya mafunso yomwe wodwala amayankha asanalowe m'makina isamangokhala ya Chingerezi, ikhalenso m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, ndipo wodwala azifunsidwa pambali osati pa benchi anthu akumva. Muuzeni agogo asanalowe kuti mkatimo ndi mothina, muli chiphokoso chogogoda koma sichipweteka, ndiponso kuti n'chifukwa chani asasunthe, osangoti "gonani apa musagwedezeke" basi munthu ali ndi mantha kale komanso msana ukumupweteka. Amene ululu wakula mpatseni mankhwala kaye.

Ifenso odwala tizinena zonse zomwe zili pathupi ndi m'thupi, tizitenga zithunzi zakale ngati zilipo, ndipo si mwano kufunsa dokotala kuti kodi zomwe zili mu lipotimu zikugwirizana ndi zomwe ndikumva? Komanso chonde a radiographer, inu ojambula, chithunzi chikatuluka chosaoneka bwino bwerezani gawolo pompopompo wodwala akadali pa bedi, asakamve patapita masabata ali kale ku Karonga kapena ku Nsanje kuti abwerenso, thiransipoti ndi ndalama ya sikani yachiwiri akazipeze yekha.

Wowerenga wanu,
Zomba