Lipoti la nthumwi yathu ku msonkhano wa oweta makorali ku Durban

A Wapampando, akomiti, ndi inu nonse mamembala a gulu lathu la oweta nsomba za m'mathanki kuno ku Lilongwe, ndikuthokozani chifukwa chondikhulupirira ndi kundituma ku msonkhano wa anthu oweta makorali m'nyumba umene unachitikira mumzinda wa Durban ku South Africa. Munandipatsa funso limodzi lomveka bwino, lakuti kodi ife amene tinazolowera mbuna ndi utaka tingathe kugula makorali n'kuwasunga amoyo m'mathanki a madzi amchere, chikhalirecho dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Yankho limene ndabwera nalo ndi lakuti zimenezi n'zotheka, koma tisathamangire kugula korali ngakhale mmodzi tisanakhale ndi thanki imene madzi ake sasinthasintha, imenenso mpope wake suima magetsi akazima.

Chinthu choyamba chimene ophunzitsa anatsindika n'chakuti makorali si miyala ndiponso si zomera, koma ndi nyama za gulu limodzi ndi jellyfish (nyama yofewa yam'nyanja yooneka ngati ambulera), zimene zimakhala mothithikana zambirimbiri pamalo amodzi. M'thupi mwa makorali ambiri mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala n'kumagawirako korali amene akuzisungayo. Madzi akatentha kupitirira muyeso wake ngakhale ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, korali amatulutsa nderezo, amayera mbuu, ndipo zinthu zikapanda kubwerera mwakale amafa ndi njala. Zimenezi n'zimene zinapha makorali ochuluka m'mphepete mwa nyanja ku Kenya ndi ku Tanzania mu 1998, ndipo mu Epulo 2024 bungwe la ku America loona za nyanja ndi nyengo la NOAA linalengeza kuti makorali ayeranso kachinayi padziko lonse. Ngati nyanja yaikulu ikulephera kuteteza makorali ku kusintha kochepa chotere, tiyenera kudzifunsa kuti thanki ya malita 200 imene ili pabalaza ku Area 25 m'mwezi wa Okutobala ingawateteze bwanji.

Ndinaona zimenezi ndi maso anga. M'thanki ina yachionetsero munali korali wa mtundu wa Euphyllia, amene timanja take tobiriwira, tansonga zoyera, tinkagwedezeka pang'onopang'ono potsatira kayendedwe ka madzi, ndipo mwini wake atazimitsa mpope kwa kanthawi timanjato tinalendewera ngati tafooka. Pambali pake anaikapo dala kanthambi ka Acropora kamene kanali katayera kuyambira kutsinde kukwera m'mwamba, kunsonga kokha n'kumene kunatsala mtundu wofiirira. Anatiuza kuti kanthambiko kanawonongeka chifukwa chakuti mlingo wa mchere wina m'madzi unatsika mofulumira pamene iye anali paulendo, osati chifukwa cha matenda.

Pa nkhani ya madzi ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ife oweta mbuna tingalakwitse kwambiri. N'zoona kuti madzi a m'nyanja yathu ya Malawi ali ndi pH yokwera (kutanthauza kuti alibe asidi wambiri) ndipo tinazolowera kale kuyeza madzi, koma mbuna imapirira zinthu zambiri zimene korali sangapirire. Madzi a m'thanki ya makorali amafunika mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse, umene pachida choyezera chotchedwa refractometer umaonetsa 1.025 kapena 1.026. Kutentha kwake kuzikhala pakati pa madigiri 24 ndi 26, pH pakati pa 8.1 ndi 8.4, calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm, magnesium pakati pa 1250 ndi 1350 ppm, ndipo alkalinity, yomwe ndi mphamvu ya madzi yoletsa pH kusinthasintha, pakati pa 7 ndi 11 dKH. Aliyense amene anayankhula anabwereza mfundo imodzi, yakuti kusasinthasintha kwa manambalawa n'kofunika kuposa kufika pa nambala inayake yeniyeni, moti thanki imene alkalinity yake imakhala 8 mwezi wonse ndi yabwino kuposa imene lero ili pa 7 mawa pa 10.

Mchere umene ukunenedwawu si wa kukhitchini ayi, koma wosakanizidwa mwapadera, ndipo tiyenera kuuitanitsa kuchokera kunja. Ndinawerengera motere: kudzaza thanki ya malita 200 kumafuna pafupifupi makilogalamu 7, ndipo ngati tikusintha malita 20 sabata iliyonse monga mmene ambiri amachitira, pachaka tidzafunika makilogalamu oposa 36. Madzi osungunulira mcherewo sangakhale apampopi kapena apamjigo, chifukwa apampopi amakhala ndi klorini ndipo apamjigo amakhala ndi michere ina imene imakuza ndere zosafunika, choncho pamafunika makina osefera otchedwa RO/DI. Makinawa amataya malita angapo pa lita iliyonse yoyera imene atulutsa, ndipo madzi otayikawo ndi bwino kuthirira kudimba. Madzi akaphwera chifukwa cha nthunzi tiziwonjezera madzi osefedwa opanda mchere, pakuti mchere suuluka, umatsalira m'thankimo. Ndikuchenjezanso anzanga amene timathira mankhwala a kopa pochiza mawanga oyera a nsomba, kuti kopa amapha makorali, ndipo thanki kapena miyala imene inakhudzidwapo ndi mankhwalawa isagwiritsidwe ntchito.

Thanki yatsopano siilandira korali tsiku lomwelo. Imayamba yakhala ndi miyala ndi mchenga kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, kuti mabakiteriya osandutsa ammonia, poizoni wochokera m'zinyalala za nsomba, kukhala nitrite kenako nitrate achuluke, monga mmene timachitira ndi mathanki athu. Ambiri analangiza kudikira miyezi ingapo tisanaike makorali ovuta.

Tsopano ndifike pa vuto limene ndikuliona kuti ndi lathu makamaka, lomwe ndi magetsi. Anzathu a ku South Africa nawonso avutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa zaka zambiri, choncho gawo limeneli la msonkhano linali lothandiza kwambiri, ndipo ndinafunsa mafunso ochuluka. Magetsi akazima, nyali zikhoza kukhala zozima tsiku lathunthu popanda kupha makorali, koma madzi akasiya kuyenda mpweya wabwino umatha m'maola ochepa, nsomba zimayamba kufa, ndipo zikawola zimawononga madzi onse. Choncho chinthu choyamba kulumikiza ku batire ndi mpope woyendetsa madzi, umene sudya magetsi ambiri, pamene chotenthetsera madzi ndicho chimatha batire mofulumira. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalili namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene tinkakhala maola ambiri mumdima kwa nthawi yaitali. Thanki ya makorali yopanda inverter, mabatire ndi sola sikanapulumuka nyengo imene ija, ndipo ine sindingalangize membala aliyense kugula nyama zimenezi akudziwa kuti zidzafa ulendo woyamba magetsi akadzazima usiku wonse.

Nyengo ya kuno ku Lilongwe imatipanikiza mbali ziwiri. Mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 30, ndipo nyumba zamalata zopanda siling'i zimatentha kuposa pamenepo, choncho pamafunika fani yopemerera pamwamba pa madzi kapena makina oziziritsira, ndipo thanki isaikidwe pafupi ndi windo lolowa dzuwa. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, ndipo ndi nthawi imene chotenthetsera chimagwira ntchito mpaka m'mawa. Thanki yaikulu imasintha kutentha pang'onopang'ono kuposa yaing'ono, n'chifukwa chake ndikutsutsa maganizo amene ena tinali nawo oyamba ndi kathanki ka malita 40 pofuna kupulumutsa ndalama.

Kunena za kugula, oweta amagawa makorali m'magulu atatu. Pali ofewa, monga Sarcophyton, Sinularia, Discosoma ndi Zoanthus, amene alibe chigoba cha mwala ndipo amapirira. Pali olimba okhala ndi minofu yaikulu, monga Euphyllia ndi Duncanopsammia, ndipo pomaliza pali olimba a timinofu ting'onoting'ono, monga Acropora ndi Montipora, amene amafuna kuwala kwamphamvu, madzi othamanga ndiponso kuyeza pafupipafupi. Acropora ndi amene amakopa maso m'zithunzi za pa Facebook, koma ndi amenenso amafa msanga m'manja mwa ongoyamba kumene. Ife tiyambe ndi ofewa.

Ndinasangalala kuona kuti makorali ambiri amene ankagulitsidwa pamsonkhanopo sanachotsedwe m'nyanja. Oweta amadula kachidutswa ka korali wawo, amakamata pakamwala kakang'ono kozungulira, kakamera n'kugwira bwino amakagulitsa, mofanana ndi mmene timabzalira chinangwa ndi phesi. Tizidutswa totere n'tozolowera kale moyo wa m'thanki, n'totsika mtengo, ndipo situpweteka nyanja. Pogula tiziona ngati minofu yafutukuka, ngati palibe malo oyera kapena osupuka, ngati kachidutswako kamamatira pakamwala kusonyeza kuti sikanadulidwe dzulo, ndipo tizifunsa wogulitsa kuti kanali pa kuwala kotani. Ndinaonerera mayi wina akuviika kachidutswa m'kambale ka mankhwala ophera tizilombo kwa mphindi zingapo, akukagwedeza pang'ono, ndipo pansi pa kambaleko panagwa tinyongolotsi tofiirira tophwatalala timene maso anga sanatione pamene kachidutswako kanali m'thanki. Korali watsopano aliyense aziviikidwa motero, ndipo ngati n'kotheka azikhala kaye m'thanki yapadera, kenako aziikidwa pansi pamene kuwala n'kochepa asanakwezedwe pang'onopang'ono.

Pali chenjezo limodzi lokhudza moyo wa anthu. Makorali ena a mtundu wa Palythoa ndi Zoanthus amakhala ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, amene amalowa pabala, m'maso kapena popuma. Tizivala magolovesi ndi magalasi oteteza maso powagwira, ana asamapise manja m'thanki, ndipo miyala yochokera m'thanki isamawiritsidwe kapena kuthiridwa madzi otentha, chifukwa nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala m'mayiko ena.

Nkhani ya malamulo ndi yofunika kuti tiimvetse tisanatumize ndalama kwa aliyense. Makorali onse olimba ali pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES loyendetsa malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa pakati pa mayiko, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 ndipo dziko la Malawi linalowamo mu 1982. Izi zikutanthauza kuti korali wolimba sangawoloke malire popanda chilolezo chochokera kudziko limene akuchokera, ngakhale atakhala kachidutswa koweteredwa m'nyumba, ndipo kuno kwathu nkhani za panganoli zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za malo osungirako zachilengedwe ndi nyama zakutchire. Wina akabwera ndi korali m'botolo kuchokera kugombe la ku Mozambique kapena ku Tanzania popanda mapepala, tisagule, ngakhale mtengo wake ukhale wokopa. Ku South Africa komweko, makorali a ku Sodwana Bay ali m'malo otetezedwa a iSimangaliso ndipo palibe amene amaloledwa kuwathyola. Ife amene timadandaula anthu akamakokolola mbuna m'malo otetezedwa a ku Cape Maclear sitingachite zomwezo ku nyanja za anzathu. Tidziwenso kuti msika wa makorali umatha kutsekeka mwadzidzidzi, monga mmene zinachitikira dziko la Indonesia litaimitsa kutumiza makorali kunja mu 2018, n'kudzatsegulanso mu 2020.

Mayendedwe nawonso ndi ovuta. Makorali amayenda pandege m'mapepala apulasitiki a madzi, m'bokosi losunga kutentha, ndipo sapirira kukhalamo nthawi yaitali, choncho zilolezo zonse ziyenera kukhala zokonzeka bokosilo lisanatere pabwalo la ndege la Kamuzu, ndipo munthu azikhala ali pomwepo kulidikira. Pafupifupi chilichonse, kuyambira mchere, nyali, mipope mpaka mankhwala oyezera madzi, chimagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe zinakwera mtengo kwambiri kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Poona zonsezi, ndikupempha gulu kuti m'malo moti aliyense ayambe payekha, tisonkherane n'kukhazikitsa thanki imodzi ya malita 200 kapena kuposerapo kunyumba kwa membala amene ali kale ndi sola ndi mabatire okwanira. Ndalama zoyambirira zipite ku makina osefera madzi, mchere wa chaka chathunthu, refractometer, mankhwala oyezera ndi mipope iwiri, kuti umodzi ukawonongeka wina uzigwira ntchito. Thankiyo ikhale ndi kope lolembamo manambala a madzi sabata iliyonse, ndipo idutse nyengo yotentha yonse tisanaitanitse makorali ofewa ochepa oweteredwa m'thanki. Akakula tidzadulirana tizidutswa kuno komweko popanda kuitanitsanso kunja.

Ndikupemphanso a Mlembi kuti alembe kalata ku nthambi yoona za nyama zakutchire ndi ku nthambi yoona za nsomba, yofunsa zilolezo zimene zikufunika polowetsa makorali ofewa ndi nsomba za m'nyanja yamchere m'dziko muno, kuti mayankho awo tidzakhale nawo pamene tizidzavota pa nkhaniyi. Mndandanda wa zipangizo ndi malisiti a ulendowu ndapereka kale kwa a Msungichuma, ndipo membala aliyense ali ndi ufulu wowaona.