Ogula devil's claw adziwe mmene mizu yake imakumbidwira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi Amalawi anzanga okhala kuno ku Johannesburg za chitsamba cha devil's claw, chimene Atswana amachitcha sengaparile. Ambirife amene timagwira ntchito zolemetsa, kaya ndi zomangamanga, zam'dimba kapena zam'nyumba, timachigula pofuna kuziziritsa msana ndi nyamakazi, koma ndi ochepa amene amafunsa kumene chimachokera.

Chomerachi ndi chapachibale ndi chitowe, ndipo chimamera chokha mumchenga wa chipululu cha Kalahari, ku Namibia, Botswana ndi kumpoto kwa South Africa. Mvula ikagwa chimayanga pansi n'kuchita maluwa ofiirira, kenako chimabala zipatso zangowe zimene zimakola ziboda za nyama, ndipo mbewu zake zimafala motero. M'chilimwe masamba amauma, koma pansi pamatsala muzu waukulu umene umaphukanso chaka ndi chaka, pamodzi ndi timizu totupa tam'mbali tosunga madzi ndi chakudya. Mankhwala amachokera ku timizu tam'mbaliti, timene amatidula mapisi n'kutiyanika ngati makaka.

Apa ndiye pagona nkhani. Wokumba wosamala amakumba mbali imodzi yokha, amasiya muzu waukulu, amakwirira dzenje, ndipo amadikira zaka zingapo kuti chomeracho chibwerere mwakale. Wothamangira ndalama amazula zonse, chomeracho n'kufera pomwepo. Sindifulumira kuwaweruza okumbawa, chifukwa ambiri ndi anthu osauka akumidzi, ena a mtundu wa San, amene amalandira kangachepe pomwe phindu lenileni limapita kwa amalonda otumiza mizuyi ku Ulaya. Nkhawayi si yalero: m'chaka cha 2000 dziko la Germany linapempha kuti malonda a chomerachi aziyang'aniridwa pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, ngakhale kuti pambuyo pake dzikolo linachotsa lokha pempholo. Ku Namibia, kumene kumachokera mizu yochuluka kwambiri, munthu saloledwa kukumba popanda chilolezo.

Ife amene tinaona mkungudza ukutha m'phiri la Mulanje tisakhale ogula osafunsa. Tikapita kwa ogulitsa zitsamba, tifunse kumene mizuyo inakumbidwa, ndipo wosatha kuyankha tisamugule. Ndikupemphanso amayi oyembekezera, odwala zilonda zam'mimba ndi onse amene akumwa mankhwala akuchipatala kuti ayambe afunsa dokotala asanamwe chitsambachi.

Ine wowerenga wanu,
Turffontein, Johannesburg