Lipoti la ulendo wa ku Majuro ndi Arno

A Wapampando, a komiti ndi mamembala anzanga,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pamsonkhano wa aphunzitsi ndi olemba mabuku m'zinenero za anthu ochepa, womwe unachitikira ku Majuro, likulu la dziko la Marshall Islands m'nyanja ya Pacific. Tikiti analipira ndi eni msonkhano. Za ndalama ya m'thumba ndinena kumapeto, poti ndamva kuti ena ayamba kale kunong'ona kuti ndinapita kokapitidwa mphepo.

Dzikoli ndi timizere ta mchenga ndi miyala ya m'nyanja tozungulira madziwe akuluakulu a madzi amchere. Mikombero yotereyi ilipo 29. Ku Majuro kuli malo amene ukaima pamsewu umaona nyanja uku ndi uku, ndipo nthaka yakwera mamita ngati 2 okha pamwamba pa madzi. Madzi ena a m'mipopi ndi a mvula, amawakolola pamsewu woterapo ndege. Kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 42,000, pomwe enanso ambirimbiri ali ku America, makamaka ku Springdale m'chigawo cha Arkansas, chifukwa pangano la 1986 la pakati pa maiko awiriwa limawalola kukakhala ndi kugwira ntchito kumeneko. Nkhawa yawo ili pa ana obadwira kunjawo, amene chinenero cha makolo amangochimva kutchalitchi.

Zokamba za tsiku loyamba zinali ndondomeko ndi manambala apakompyuta. Mapepala ake ndabwera nawo, ofuna awerenge.

Chomwe chinandigwira mtima ndi tsiku lomwe anatitengera pa boti ku Arno, kum'mawa kwa Majuro, komwe anthu amadalira kugulitsa kokonati wouma. Gogo wina anatulutsa mapu awo akale: timitengo ta tsamba la kokonati tomangidwa mopingasa, ndi tizigoba tosonyeza zilumba. Timitengoto timasonyeza m'mene mafunde amakhotera akagunda chilumba. Mapuwo samayenda nawo panyanja ayi. Munthu amawaloweza kumtunda, ndipo akakwera ngalawa amamva mafundewo ndi thupi lake. Gogoyo ankagwira kamtengo kalikonse n'kutchula dzina la funde lake, ana a sukulu n'kumabwereza. Phunziro la chinenero linali lomwelo, popanda bolodi. Kenaka anatiuza kuti malo kumeneko amatsata kuchikazi, ngati kwathu kuno, ndipo munda wa banja umayambira kudziwe mpaka kunyanja yaikulu, uliwonse ndi dzina lake.

Nkhani ya Bikini, umodzi mwa mikombero ya dzikoli, ndinaimvetsa nditaona zimenezi. Mu 1946 anthu 167 a kumeneko anasamutsidwa kuti America ayeserepo mabomba a nyukiliya, ndipo pofika 1958 anali ataphulitsa 67 ku Bikini ndi kumkombero wina wa Enewetak. Anthuwo anakathera pa Kili, kachilumba kopanda dziwe, komwe ngalawa zawo zinasowa ntchito. Tsono ngalawa ikagona, mawu ake azitchula ndani?

Chigamulo chachikulu cha msonkhano chinali choti mabuku a ana aziikidwa pa intaneti. Ine ndinadzutsa mkono kukana, ndipo sindinasinthe maganizo. Mwana wa ku Arno afunika buku logwira m'manja, chimodzimodzi wa ku Ntchisi. Anakangananso nthawi yaitali pa kalembedwe, poti anthu a ku Marshall Islands ali ndi mitundu iwiri: kakale kochokera kwa amishoni amene anafika kumkombero wa Ebon mu 1857, ndi katsopano kam'dikishonale ya 1976. Anasiyana osamvana, ndipo sindinadabwe, poti nafenso chilembo cha ŵ chokha chimatidyera misonkhano.

Tsono tiuzane zoona. Anthu osakwana ngakhale theka la mzinda wa Zomba akuphunzitsa ana a makalasi oyambirira m'chinenero chawo. Ife, olankhula Chichewa mamiliyoni, tinangoyang'ana pomwe kunalengezedwa mu 2014 kuti Chingerezi chizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa kuyambira Sitandade 1. Kalata ya nkhaniyi yomwe tinagwirizana kulemba ija ili kuti? Nanga timabuku tathu ta nthano, tomwe ena a ife tinagonera usiku kulemba, tikuchitanji m'kabati ya ku ofesi? Ndalama yosindikizira inapita ku msonkhano wina wa kunyanja kwathu kuno, ndipo amene tinafunsa tinauzidwa kuti tikusowa ulemu. Nkhaniyi sinathe, a Wapampando.

Za ndalama: kumeneko amagwiritsa ntchito dola ya ku America, ndipo zakudya zambiri za m'sitolo zimachita kubwera pa sitima, choncho mitengo ndi yoboola m'thumba. Zomwe munandipatsa zinatha msonkhano uli pakati, zotsalazo ndinapereka ndekha. Malisiti onse ali kwa a Msungichuma. Ndikupempha kuti kubweza ndalamazo ndi kusindikiza timabuku tija zikhale pamndandanda wa zokambirana za Loweruka likudzali, osati pa "zina ndi zina".

Ine nthumwi yanu.