Kalata kwa mdzukulu wanga amene akukana kukhala wakuba m'sewero

Chilomoni,
Blantyre.

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Uli bwanji, mwamuna wanga? Kuno tili bwino ndithu, kungoti chiperoni chatipeza, m'mawa phiri la Michiru silikuoneka n'komwe chifukwa cha nkhungu. Nkhuku yako yamawangamawanga ija yaswa anapiye asanu ndi mmodzi, ndipo agogo ako aamuna akuwalondera ngati ng'ombe kuopa mphamba. Kalatayi mwini wake ndiwe. Pamene pakuvute kuwerenga, amayi ako akuthandize.

Amayi akowo anandiuza pafoni kuti aphunzitsi akusankha kuti udzachite nawo sewero tsiku lotsekera sukulu, koma unabwera kunyumba misozi ili chuchuchu, nsima osaikhudza, chifukwa akupatsa mbali ya wakuba. Akuti ukuopa kuti anzako a Sitandade 3 azidzakuitana kuti wakuba mpaka kukula. Nditamva, mtima unandiwawa, chifukwa ndikudziwa kuti sunatengepo ngakhale shuga wa m'kabati osapempha. Ndiye khala pansi ndikuuze zimene ndinaona Loweruka lapitali usiku.

Achinyamata a m'dera lathu lino ali ndi gulu lawo la zisudzo. Si anthu otchuka ayi. Wina amagulitsa tomato, wina amayendetsa kabaza, ena akadali pasukulu ya sekondale. Madzulo akaweruka amakumana kuseri kwa tchalitchi kumayeserera, ndipo mwezi wathunthu takhala tikumva mawu awo tikamapita kotunga madzi. Atamata mapepala pamitengo kuti sewero lapsa, amalume ako anati, "Amayi, valani juzi, lero ndikukutengani." Ndinafunda chitenje pamwamba pa juziyo, ulendo.

Pakhomo pa holo panali amayi ogulitsa mtedza wokazinga ndi mbatata yootcha. Tinalipira pakhomo, mtsikana wina n'kutidinda chidindo padzanja. M'katimo mabenchi anali atadzaza, ana ngati iwe atakhala pansi kutsogolo, miyendo atapinda. Nsalu yotchinga bwalo anachita kulumikiza mabulangete ndi zitenje, n'kuzikoleka pawaya. Kenaka wina anamenya ng'oma katatu, anyamata awiri anakoka nsalu ija, holo yonse n'kuti zii.

Nkhani yake inali ya banki nkhonde. Ukukumbuka bokosi lachitsulo lija unaliona kwa anzanga amayi a gulu, lokhala ndi maloko atatu? Amaliika maloko atatu dala. Makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, aliyense kiyi imodzi, ndipo bokosilo limagona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi. Choncho palibe amene angalitsegule yekha. M'seweromo, anthu a m'mudzi anasonkha ndalama chaka chonse. Wina ankafuna kugula feteleza, wina malata, mayi wina wamasiye ankafuna kulipirira mwana wake fizi. Tsiku logawana litakwana, anasonkhana pansi pa mtengo, akuimba, akululutira. Atatsegula bokosi anapeza muli miyala yokhayokha.

Mayi wamasiye uja anagwa pansi n'kuyamba kulira. Analira mwakuti mayi amene ndinakhala naye pabenchi anayamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, chonsecho wolirayo ndi mtsikana amene amatigulitsa tomato tsiku ndi tsiku.

Pamenepo panadzuka bambo wina, mlembi wa gululo. Anavala suti, tayi, nsapato zonyezimira, cholembera chili m'thumba la pamtima. Iyeyo ndiye anakalipa koposa onse. Analoza mnyamata wina wosauka amene ankagwira ganyu yosesa pakhomo pamene bokosi linkagona, nati ndi ameneyo, taonani zovala zake, taonani maso ake. Anthu anamukhulupirira chifukwa cha suti ija. Anamugwira mnyamatayo, ena atanyamula ndodo. Iye ankangoti, "Sindinabe, sindinabe," koma womumvera panalibe. Mwayi wake, nyakwawa inaimika manja n'kunena kuti munthu samenyedwa, mlandu uli ndi eni ake, aitanidwe apolisi.

Ndiye kunabwera mayi wapolisi wofufuza milandu, aja timawatcha a CID, amene savala yunifolomu. Ameneyu ndinamukonda kwambiri. Sanakalipe. Anangotenga bokosi lija, kulitembenuza uku ndi uku, kuyang'ana loko woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kenaka anatembenukira kwa ife oonerera n'kufunsa kuti, "Maloko awa athyoledwa?" Ana akutsogolo aja anayankha onse pamodzi, "Ayi!" Anafunsanso, "Nanga mnyamata wosesayu ali ndi kiyi?" Iwo, "Ayi!" Taganiza nawenso, mwamuna wanga, usanapitirize kuwerenga. Ngati maloko ali bwinobwino, wakubayo analowa bwanji m'bokosi?

Wapolisiyo anafunsa osunga makiyi aja mmodzimmodzi, aliyense payekha. Woyamba anati kiyi yake sinachokepo m'khosi mwake, kupatula tsiku limodzi lokha pamene a mlembi anaibwereka kuti akathire mafuta m'loko kuopa dzimbiri. Wachiwiri ananena zomwezo. Wachitatunso zomwezo. Aliyense ankayesa kuti ndi iye yekha amene anabwereketsa. Holo yonse inati "Aaaa!" Koma bambo wa suti uja anakana kwamtuwagalu. Anati kuthira mafuta si kuba, ndipo ngati pali amene anamuona akuba abwere poyera.

Pompo magetsi anazima. Osati m'sewero ayi, magetsi enieni. Mdima wa bii. Ana ena anakuwa, ine ndinagwira mkono wa amalume ako, ndikuganiza kuti basi tabwerera panjira osadziwa mathero. Koma mumdimamo tinangomva mawu a mayi wapolisi uja akupitiriza ngati palibe chachitika. Anati, "A mlembi, ngakhale muzimitse magetsi, mlandu suola." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Wina anayatsa tochi ya foni, wina naye, wina naye, mpaka mabenchi onse anali nyenyezi zokhazokha zolozera kubwalo. Sewero lonse lotsalalo tinalionera pa kuwala kwa mafoni, ndipo kwa ine pamenepa ndi pamene linakoma koposa.

Ukudziwa amene anamasula mlandu? Kamtsikana kakang'ono, msinkhu wako womwewu. M'seweromo kankagulitsa zitumbuwa pamsika, pafupi ndi bambo wosula makiyi. Kanaona a mlembi akubwera katatu, masiku osiyana, kudzasulitsa kiyi. Kanali ndi mantha kunena, chifukwa kwathu kuno mwana saloza munthu wamkulu chala. Mayi wapolisi anagwada kuti alingane nako msinkhu, n'kukauza kuti mboni ilibe msinkhu, chachikulu inene zimene inaona ndi maso ake, osaonjezera, osachotsera. Kanalankhula. Atasecha m'thumba la suti ija, makiyi atatu atsopano anagwa pansi kuti ngwee. Ndalama anakazipeza atazikwirira mumphika kuseri kwa khola.

Chigawo chomaliza chinali kukhoti. A majisitireti anakhala pampando wa abusa umene anaubwereka, ndipo asanagamule anamvetsera mbali zonse, ngakhale ya a mlembi omwe. Malamulo a dziko lathu amaterodi: munthu akamangidwa ayenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo satchedwa wolakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Mnyamata wosesa uja anamasulidwa, anthu a m'mudzi n'kumupepesa mmodzimmodzi. Bambo wa suti anatuluka manja ali mu unyolo wopangidwa ndi waya wa mpanda, ife tikumukuwiza.

Tsopano tchera khutu, chifukwa chimene ndakulemberacho ndi ichi. Sewero litatha, onse anabwera kutsogolo atagwirana manja kudzawerama. Wapolisi tinamuombera m'manja. Kamtsikana ka zitumbuwa tinakaombera m'manja. Koma atatulukira bambo wa suti uja, anthu anaimirira, amayi nthungululu, anyamata malikhweru, ena kumuponyera ndalama kubwalo. Palibe amene analandira m'manja mochuluka ngati iyeyo.

Nanga ndi ndani? Ndi kalipentala uja anakonza chitseko cha chipinda chimene umagona ukabwera kuno, amene anakusemera kagalimoto kathabwa. Tsiku lina agogo ako aamuna anamulipira mopyola osadziwa, iye anayenda wapansi kuchokera kumsika kudzabweza ndalama yapamwambayo. Suti ija anabwereka kwa achimwene ake. Potuluka, gogo wina amene sewero linamulowa mumtima anamuimitsa pakhomo n'kumukalipira kuti alibe chisoni, kubera mayi wamasiye. Iye anagwada mwaulemu, akumwetulira, nati, "Agogo, ndine uja ndinakukhomerani mpando." Gogoyo atamuyang'anitsitsa anayamba kuseka, n'kumugulira mtedza.

Ndinamufunsa mtsikana amene amatsogolera gululo kuti anasankhiranji munthu wofatsa choncho kukhala wakuba. Anandiyankha kuti mbali imeneyo ndiyo yovuta kuposa zonse, ndiye amaipereka kwa amene amamudalira kuti saiwala mawu ndiponso sachita manyazi. Wakubayo akapanda kuoneka ngati wakuba weniweni, wapolisi alibe chofufuza, mboni ilibe chonena, ndipo oonerera amayamba kusinza. Ine ndikukhulupirira kuti aphunzitsi ako anaganiza chimodzimodzi pamene anayang'ana kalasi yonse n'kuloza iwe.

Zisudzo ine ndinayamba kuzikonda amayi ako asanabadwe. Tinkazungulira wailesi banja lonse kumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC, mabatire tikuwasunga sabata yonse kuti asathere panjira. Titasamukira ku Blantyre, agogo ako aamuna ankanditenga ku French Cultural Centre ku Chichiri, kumene lero akuti Blantyre Cultural Centre, kukaonera a Kwathu Drama Group. Kumeneko ndi kumene ndinaona ndi maso Izeki ndi Jakobo. Mayina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi. Pabwalo ankanamizana, kupusitsana, kuchita za utambwali mpaka ife misozi kutuluka ndi kuseka, koma dziko lonse linkadziwa kuti imeneyo ndi ntchito, ndipo a Nyanga anadzakhala m'busa wa mpingo. Anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021, ndipo anthu anawalira ngati abale awo. Panalinso Du Chisiza Junior, amene anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987. Masewero ake ambiri anali a m'Chingerezi, koma ngakhale mawu ena ankandidutsa, akaima pabwalo sindinkaphethira. Anamwalira mu 1999 akadali wachinyamata. Ambiri mwa akatswiri a zisudzo kuno anayambira pasukulu, pamaso pa anzawo ndi aphunzitsi, miyendo ikunjenjemera ngati mmene idzanjenjemerere yakoyo.

Sindikunamiza kuti anzako sadzakuseka. Mwina mmodzi kapena awiri adzakuitana kuti wakuba pa nthawi yopuma. Ukadzamva choncho usadzalire, usadzamenyane. Udzangowafunsa kuti, "Ndinachita bwino eti?" Akakumbukira mbali yako mpaka kunja kwa kalasi, ndiye kuti unaichitadi bwino. Zikadzapitirira mpaka kukuwawa, ukawauze aphunzitsi kapena amayi ako, usadzasunge mumtima.

Pali tinthu tina timene ndinaona kwa kalipentala uja, toti tikuthandize. Ankalankhula mokweza moti ife a pabenchi yakumbuyo tinkamva liwu lililonse, tsono iwe uziyeserera pabwalo la nyumba, amayi ako ataima kumpanda. Sankatipatsa msana polankhula. Ndipo ngakhale holo yonse ikuseka, iye nkhope inali gwa, osasekako ngakhale pang'ono. Chimenechi ndicho chidzakuvute iwe, ndikukudziwa, umaseka msanga ngati amayi ako. Ukadzaiwala mawu usadzathawe pabwalo. Udzapume, udzayang'ane mnzako, mawuwo adzabwera. Mayi wapolisi uja magetsi anamuzimira koma sanaime.

Agogo ako aamuna atsegula sutikesi yawo yakale n'kutulutsa chipewa chakuda ndi tayi wofiira, akuti wakuba wa m'banja mwawo asakaoneke wosasamba. Jekete lawo lingakufike m'mapazi, ndiye ndikusoka lina laling'ono kuchokera ku nsalu yotsala, lokhala ndi thumba lalikulu mkati lobisamo zimene ukabe m'seweromo. Amalume ako akubwera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi, adzakutengera zonsezi pamodzi ndi mtedza wa m'munda mwathu.

Undiyankhe ndi dzanja lako, ngakhale mizere itatu. Undiuze kuti m'sewero lanulo ukuba chiyani, akukugwira ndani, ndiponso tsiku lenileni lotsekera sukulu, kuti ndisungiretu ndalama ya basi. Ndikufuna ndidzakhale pabenchi yakutsogolo. Upereke moni kwa amayi ako, abambo ako ndi kamlongo kako.

Ndine agogo ako okukonda,
a ku Chilomoni.